Nkhono Zikafa Usiku Umodzi, Funsani Madzi

Alimi anzanga a madamu a nsomba, lero ndiyambira kutali, kunyanja yamchere, koma musatseke wailesi poganiza kuti nkhaniyi si yanu. Tifika pakhomo panu posachedwapa.

M'mizinda monga Durban ndi Cape Town, komanso ku Ulaya ndi ku America, kuli anthu amene amaweta zamoyo za m'nyanja yamchere m'mathanki agalasi m'nyumba mwawo. Ena mwa abale athu ogwira ntchito m'nyumba ndi m'mahotela ku Joni anawaonapo mathanki amenewa. M'thanki lotere, kuwonjezera pa nsomba zamawangamawanga, amaikamo nkhono mwadala, zochita kugula. Ntchito yake ndi kudya ndere zomera pagalasi ndi pamiyala, zina zimafukula mchenga kutola zotsalira za chakudya. Dandaulo lalikulu la oweta amenewa ndi loti nkhono zimafa msanga, nthawi zambiri nsomba zidakali zamphamvu. Zifukwa zake zimadziwika bwino, ndipo pafupifupi chilichonse chili ndi chinzake padamu la makumba ku Zomba, ku Mchinji kapena ku Chipata.

Tiyambe ndi tsiku limene nkhono imafika. M'lita imodzi ya madzi a m'nyanja yamchere mumakhala mchere wokwana magalamu pafupifupi 35. Nsomba ili ndi mphamvu yosunga mchere wa m'thupi mwake pamlingo umodzi ngakhale madzi asinthe pang'ono. Nkhono ya m'nyanja ilibe mphamvu yotero, madzi a m'thupi mwake amangotsatira madzi amene yakhalamo. Tsono munthu akaigula m'jumbo momwe mchere uli wochepa, n'kuiponya nthawi yomweyo m'thanki momwe mchere uli wambiri, thupi lake limavulala m'kati. Choipa chake n'choti siifa pomwepo. Imakwawa bwinobwino masiku angapo, kenako n'kugwa pagalasi osadzukanso, mwini wake ataiwala kale zimene anachita tsiku loyamba lija. Odziwa ntchito amaika nkhonozo m'kabeseni ndi madzi amene zabwera nawo, n'kumadonthezeramo madzi a m'thanki dontho limodzilimodzi kwa ola lathunthu kapena kupitirira. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Inu mukagula mbewu ya nsomba, kaya ku Domasi kaya kwa mlimi mnzanu, mumatani mukafika padamu? Ambiri amamasula jumbo kapena chigubu n'kukhuthula khuu, chifukwa atopa ndi njinga. Madzi a m'jumbo atentha panjira, a m'damu ndi ozizira. Pakapita masiku awiri kapena atatu, tiana ta nsomba tayamba kuyandama, ndiye mkwiyo wonse umapita kwa wogulitsa kuti anapereka mbewu yodwala. Chonde, nyamulani mbewu m'mamawa kusanatenthe. Mukafika, yandamitsani jumbo lili chimangire pamadzi a damu kwa mphindi 15 mpaka 20. Kenako masulani, lowetsani madzi a damu pang'onopang'ono, pendeketsani jumbolo ndipo mulekere tinsombato tituluke tokha. Musatikankhe.

Tsopano ndifike pa chinthu chimene chimandidetsa nkhawa koposa, kopa, kapena kuti mkuwa. Nsomba za m'thanki zikagwidwa ndi nthenda ya timadontho toyera pakhungu, mankhwala odziwika ndi okhala ndi kopa. Mlingo wake ndi wochepa zedi, pafupifupi galamu imodzi m'malita 5,000 a madzi. Nsomba imapirira mlingo umenewu n'kuchira, koma nkhono, nkhanu ndi tizamoyo tina topanda msana timatheratu. Ndiponso kopa sachoka msanga. Amamatirira m'miyala ndi mumchenga, n'kumatuluka pang'onopang'ono, kotero kuti munthu angagule thanki lakale, nathiramo madzi atsopano, nkhono n'kumafabe osadziwa chikuzipha. Ngakhale madzi odutsa m'mapaipi amkuwa amatha kubweretsa vuto lomweli.

Mvetsetsani mlingo umenewo, galamu imodzi m'malita 5,000, ndiye muganizire za dimba lanu. Mankhwala obiriwira aja amene timapopera tomato ndi mbatatesi kuteteza chiwawu, ambiri mwa iwo ndi a kopa. Madimba athu ali m'madambo, madamu athu alinso m'madambo momwemo, nthawi zina ngalande imodzi ndiyo imathirira tomato n'kukathera m'damu. Munthu akamaliza kupopera amatsukira mpope wake mumtsinje, botolo n'kuliponya m'bango. Iye sanafunire aliyense zoipa, koma kumunsi kuli damu la mnzake limene banja lonse likudalira pa fizi ya ana. Ndipo kopa si woopsa yekha. Mankhwala ophera mbozi ndi nsabwe za mbewu monga cypermethrin amapha nsomba ngakhale olowa m'madziwo atakhala ochepa kuposa mlingo ndatchula uja. Madzi otsukira mpope muziwathira m'dzenje kumtunda, kutali ndi ngalande. Ndowa imene mumasungunuliramo mankhwala isadzagwirenso ntchito yotungira madzi a damu kapena kunyamulira gaga. Ndipo kambiranani ndi anzanu a madimba akumtunda kuti azikuuzani tsiku lopopera, kuti inu mutseke polowera madzi tsikulo ndi lotsatira lake. Ngati muli ndi kalabu ya alimi a nsomba, nkhani imeneyi ifike kwa amfumu, ikhale lamulo la mudzi.

Mdani wina saoneka ndi maso chifukwa amabadwira m'madzi momwemo. Ndowe za nsomba, chakudya chotsala ndi chilichonse chowola zimatulutsa amoniya. M'thanki lokhazikika muli tizilombo tabwino timene timasandutsa amoniyayu kukhala chinthu chosaopsa kwambiri, koma kuti tichulukane pamafunika masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Wopupuluma amaika nkhono sabata loyamba, n'kufa. Imodzi ikafera kuseri kwa mwala n'kuwola, amoniya amakwera, n'kupha zinzake, zinzakezo n'kuwolanso. N'chifukwa chake oweta akaona nkhono yosayenda amaitulutsa n'kuinunkhiza, pakuti fungo la nkhono yakufa silisokoneza munthu.

Padamu, amoniya timamuitana tokha. Manyowa a nkhuku ndi abwino, amameretsa tizomera tobiriwira timene makumba ndi chambo amadya. Koma ena amaganiza kuti akathira matumba ambiri nsomba zikula msanga, gaga nayenso amamuwaza wopitirira amene nsomba zingamalize. Zotsalazo zimamira n'kumawola pansi, n'kumatulutsa amoniya. Tizomera tobiriwira tija timapanga mpweya wabwino masana dzuwa likuwala, koma usiku timaleka, n'kuyamba kupuma mpweya womwewo pamodzi ndi nsomba ndi zowola zonse zapansi. Kukamacha, damu lothina limakhala ngati nyumba yotseka mazenera momwe mwagona anthu ambiri mbaula ikuyaka. Apa ndipo mumapeza nsomba zili pamwamba, kukamwa kuli yasa, zikumeza mpweya. Nkhono nazo zimakwera m'maudzu mpaka m'mphepete mwa madzi. Mlimi amene amafika padamu dzuwa litakwera saona zimenezi, amangopeza mitembo. Nthawi yoyendera damu ndi mbandakucha.

Njira yoyezera ngati madzi athina ilipo ndipo siilira ndalama. Pisani mkono m'madzi mpaka m'chigongono. Ngati chikhatho chikuoneka mbee, madzi ndi osabereka, onjezerani manyowa. Ngati chasowa mkono usanalowe ndi theka lomwe, madzi athina, lekani manyowa, chepetsani chakudya, lowetsani madzi atsopano. Pabwino ndi pamene chikhatho chikuyamba kuzimirira madzi atafika m'chigongono. Samalani kwambiri masiku a mitambo yotsatizana, ndiponso mvula yoyamba yamphamvu ya mu Novembala itagwa pambuyo pa kutentha kwa Okutobala. Mvula imeneyi imavundula damu, madzi apansi opanda mpweya n'kukwera pamwamba, komanso ndiyo imakokolola mankhwala ndi feteleza wa m'minda. Kumbani ngalande yopatutsa madzi othamanga mvula isanayambe.

Njala imaphanso nkhono, ngakhale imapha mwakachetechete. Ogulitsa amalimbikitsa munthu kugula nkhono zambirimbiri kuti galasi liyere msanga. Zimayeretsadi, ndere n'kutha m'masabata ochepa, ndiye zimayamba kufa imodziimodzi popeza palibenso chodya. Inunso musamvere aliyense wokuuzani kuti mudzaze damu mbewu kuti mudzakolole zambiri. Ngati mumadalira manyowa ndi gaga, nsomba ziwiri kapena zitatu pamalo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi ndi zokwanira. Damu la mamita 10 kwa 20 lisapitirire nsomba 600. Mukapyola apo mudzakolola tinsomba tamitu ikuluikulu topanda mnofu.

Za kutentha ndingodutsamo. Mathanki ambiri amasungidwa pa madigiri 24 mpaka 26, koma nkhono zina zogulitsidwa zimachokera kugombe la Mexico ndi California kumene madzi ndi ozizirirapo, ndipo m'madzi ofunda sizikhalitsa. Kwathu kuno vuto ndi lotembenuka. Makumba ndi chambo amakonda madzi ofunda, ndipo akazizira kutsika pa madigiri 20 kudya kumachepa. Mu Juni ndi Julayi, makamaka kumapiri monga ku Dedza, chepetsani chakudya, musazigwiregwire nsomba, ndipo mbali yakuya ya damu ifike mita imodzi kapena kupitirirako kuti zipeze pothawira. Nyengo yozizira yomweyi ndiyo imakondedwa ndi matenda a zilonda zofiira aja amene anaoneka koyamba m'Malawi muno mu 2020, ku Mchinji. Mukaona nsomba ya zilonda zakuya, musasamutse nsomba, ukonde kapena ndowa kupita kudamu lina, kanenani kwa alangizi.

M'thanki muli adani amoyonso. Kuli nkhanu ina yokhala m'zigoba za nkhono, imene ikakula imapha nkhono kuti ilande chigoba. Nkhono za mtundu wa Astraea zikagwa chagada pamchenga zimalephera kudzitembenuza, nkhanu n'kuzipeza zili chomwecho. Ndatchula zimenezi kuti muphunzire kusiyanitsa imfa. Mdani wamoyo, kaya katumbu, ng'azi kapena mbalame, amatenga imodziimodzi ndipo amasiya zizindikiro, mapazi m'matope, mamba pamtunda, nsomba yolumidwa. Njala ndi matenda zimapha pang'onopang'ono. Kusowa kwa mpweya kumapha m'mamawa, kumayambira nsomba zikuluzikulu, pamene milamba ndi achule zili bwinobwino. Koma mukapeza nsomba zazikulu ndi zazing'ono zomwe, nkhono, ambululu ndi tizilombo ta m'madzi zonse zafa nthawi imodzi, kaya masana kaya usiku, dziwani kuti mwalowa mankhwala.

Wina anena kuti, alangizi, nkhono zikafa m'damu langa si ndiye zabwino, popeza ndizo zimafalitsa likodzo? Mwanena zoona, ndipo musandimve molakwa. M'damu sitifuna nkhono. Tinkhono ting'onoting'ono ta m'madzi opanda mchere ndito timasunga tizilombo ta likodzo, ndipo tina timasunga nyongolotsi zolowa m'mnofu ndi m'maso mwa nsomba. Ku Cape Maclear ofufuza anaona kuti nsomba zodya nkhono zitachepa chifukwa cha usodzi wopyola muyeso, nkhono zinachuluka ndipo likodzo linakula m'mudzi wa Chembe. Chimene ndikunena n'choti nkhono zikafa zokha mwadzidzidzi, inu musanachitepo kanthu, musasangalale, chifukwa chimene chazipha chikubwerera nsomba zanu. Ndipo musayese kuzipha ndi mankhwala nsomba zili momwemo. Niclosamide, amene azaumoyo amaphera nkhono, amaphanso nsomba. Katupe ndiye musamuyandikize n'komwe. Njira yabwino ndi kutchetcha udzu wa m'mphepete, kuzula zomera za m'madzi, kuika sefa polowera madzi, ndipo mukakolola muphwetse damu, muwaze laimu, liume padzuwa mpaka pansi pang'ambike. Pasapezeke wokodza kapena kuchita chimbudzi pafupi ndi damu, ana asasambiremo, ndipo amene waona magazi m'mkodzo apite kuchipatala, mankhwala a praziquantel alipo.

Tsono tiyerekeze kuti mawa m'mamawa mwapeza nsomba ndi nkhono zitafa m'damu. Musathire chakudya kapena manyowa tsiku limenelo. Yambani mwayenda kutsata ngalande kukwera kumtunda, mukuyang'ana ngati namonso muli zakufa, mukununkhiza madzi, mukufunsa amene anapopera dzulo. Ngati ngalande ili bwino, tsegulani madzi atsopano alowe mogwa kuchokera pamwamba kuti azitenga mpweya, akale azituluka. Ngati zakufa zayambira m'ngalande momwemo, tsekani polowera msangamsanga, ndipo nsomba zamoyo muzisamutsire m'madzi ochokera kwina, monga a pachitsime. Vuulani zakufa zonse muzikwirire m'dzenje lakuya. Ndikudziwa kuti mtima umawawa kukwirira ndiwo ana akuyang'ana, koma nsomba imene simukudziwa chaipha musadye, musagulitse, musapatse nkhumba kapena agalu. Tungani madzi a damu m'botolo loyera lotsukidwa bwino, mutengenso nsomba ziwiri kapena zitatu zimene zikupumabe, osati zowola, mupite nazo tsiku lomwelo kwa mlangizi wa za nsomba kapena ku ofesi ya za nsomba ya m'boma lanu. Mukawauze ola limene munaziona, mtundu wa madzi, tsiku lomaliza kuthira manyowa, ndi dzina la mankhwala amene anapoperedwa kumtunda, ngati botolo lake lapezeka mulitenge.