Nyimbo mwapeka ndinu, nanga dzina likhale la abwana?

"Ndine mnyamata wa ku Mtunthama. M'kati mwa sabata ndimasankha fodya pa esiteti ina, Loweruka ndimayimba mu bandi ya m'maukwati. Timangoyimba za eni, poti ndi zimene anthu amasupa. Ndapekako zanga, ndipo imodzi abwana a bandi aikonda. Akuti alipira situdiyo ku Kasungu, koma ituluke m'dzina lawo. Kodi kupeka kuli ndi phindu lanji? Ndiwapatse?"

Achimwene, musawapatse kaye. Komanso musakayambane nawo Loweruka likubwerali. Zokuzira mawu, jenereta ndi kiyibodi ndi zawo, ndipo kwanuko mabandi si ochuluka oti mungatuluke uku n'kulowa uko.

Kuyimba za eni si tchimo. Nthawi ya perekaniperekani ikakwana, azakhali a mkwatibwi sadzuka ndi nyimbo yachilendo. Amafuna ya Skeffa Chimoto kapena ya Lawrence Mbenjere, imene miyendo yawo ikuidziwa kale, ndipo pamenepo ndi pomwe mbale imadzaza. Inunso m'nyimbo zomwezo ndi m'mene mwaphunzirira kuti kolasi yogwira mtima imakhala yotani. Koma poti mumagwira pa esiteti, nkhani ya tenanti mukuidziwa kuposa ine. Amafesa nazale, amaokera, amathyola, amasoka, amapachika m'chigafa, koma belo likafika ku Chinkhoma limagulitsidwa pa nambala ya mwini munda. Chimodzimodzinso woyimba za eni, amalandira za usiku womwewo basi. Mawu akadzasasa, kapena pakadzapezeka mnyamata wina woyimba bwino kuposa iye, alibe chotsala nacho.

Wopeka ali ndi chotsala nacho, ndipo lamulo likumudziwa. Bungwe la COSOMA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992, limatolera ndalama ku nyumba zoulutsira mawu, mahotela ndi malo achisangalalo n'kugawira eni ntchito zaluso. Lamulo la umwini la 2016 limatetezanso woyimba ndi wolipira zojambula, koma gawo lawo limathera pa chojambulidwa chimenecho. Gawo la wopeka limatsata nyimbo kulikonse kumene yapita, ngakhale ataijambulanso munthu wina patapita zaka 30. Musawerengere ndalama zimenezi pogula feteleza wa chaka chino. Zimachedwa, ndipo nyimbo imene wailesi sikuiika sibweretsa kanthu. Kungoti palibe amene amadziwiratu nyimbo yodzaphulika. A Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu anayimba "Linny Hoo" kwa zaka zambiri ndi gitala lawo. Mu 2020 anaijambulanso ndi Patience Namadingo, kenako inafalikira pa TikTok mpaka maiko akutali iwo atapitirira zaka 90. Palibe amene anafunsa kuti mwini wake ndani, chifukwa dzina lawo linali lisanachokepo.

Mnzawo wa ku South Africa, Solomon Linda, zake zinayenda mwina. Anajambula "Mbube" ku Johannesburg mu 1939, umwini wake n'kuupereka ku kampani yojambula ndi ndalama yochepa zedi. Nyimboyo inawoloka nyanja, inasanduka "The Lion Sleeps Tonight", inalowa mu kanema wa The Lion King. Iye anamwalira wosauka mu 1962, ndipo ana ake anadikira mpaka 2006 kuti nkhani ya malipiro ikambidwe n'kutha. Abwana anu sakuganiza zokuberani chotero, mwina angofuna dzina lawo limveke pa MBC kapena pa Zodiak. Koma chimene akupempha n'chofanana.

Chifukwa china chimene oyimba amapekera zawo sichikhudza thumba. Pali nkhani zoti palibe adzakuyimbirani. Mnyamata wa mu situdiyo ku Blantyre sadziwa m'mene mtima umachitira belo likabwezedwa ku okushoni ngongole ya kampani ili phee, kapena zimene mwana wa tenanti amaganiza akamadutsa wapansi pa mpanda wa Kamuzu Academy. Inu mukuzidziwa. Lucius Banda anatchedwa msilikali wa amphawi chifukwa chonena zimene anthu ankang'ung'udza m'maminibasi. Evison Matafale anamwalira mu Novembala 2001, koma a Black Missionaries akamayimba lero anthu amakuwirabe nyimbo zake. Onsewa anali ndi mawu abwino, inde, koma mawu abwino ali mu kwaya iliyonse ya mpingo.

Tsono chitani izi musanakumane ndi abwana. Lembani mawu onse a nyimboyo m'kope, muikepo deti. Muiyimbe nokha pa foni, ngakhale ndi gitala losachunidwa bwino, n'kuitumiza pa WhatsApp kwa mbale wanu wodalirika kuti tsiku lioneke. Dzifunseninso moona mtima ngati yonse ili yanu. Ngati wa kiyibodi ndiye anapeza kayimbidwe ka kolasi, ali ndi gawo. Ngati mwangotola nyimbo ya chimtali imene agogo anu ankavina n'kusintha mawu awiri, musakailembetse ngati yanu. Imeneyo ndi ya mudzi, ndipo amayi akumeneko adzakusekani musanafike n'komwe ku COSOMA.

Abwanawo muwapeze kwawo pakati pa sabata, osati pa lole mukubwera ku ukwati aliyense atatopa. Tengani mkulu mmodzi amene onse awiri mumamulemekeza. Mawu anu akhale onga awa: "Bwana, ndathokoza kuti mwaikonda nyimbo ija. Muyimbe ndinu, chithunzi chikhale chanu, ndalama zanu za situdiyo zibwerere kaye tisanagawane kanthu. Ine ndikungopempha kuti polemba wopeka palembedwe dzina langa." Munthu wanzeru sakana zimenezi, poti zonse zimene amafuna mwamusiyira. Mukagwirizana, lembani pa pepala limodzi: wapeka mawu ndani, kayimbidwe ndani, walipira ndani, mugawana bwanji. Onse asaine, aliyense atenge lake. Wa situdiyo mumufunsirenso pomwepo ngati biti yake mwaigula kapena akufunamo gawo, chifukwa milandu yambiri imabukira pamenepo nyimbo ikatchuka. Ikatuluka, kalembetseni ku COSOMA inu ndi nyimboyo. Sangapatse ndalama munthu amene sakumudziwa.

Akakana, musakwiye ndipo musasiye bandi. Pitirizani kuwayimbira za eni monga kale, nyimbo yanu muisunge. Msika wa fodya ukatsegulidwa patulani kandalama ka situdiyo pa malipiro anu, mukaijambule nokha ngakhale ndi kiyibodi imodzi. Podikira, pemphani kuti muziiyesa pa ukwati nthawi ya chakudya, pakati pa nyimbo ziwiri zodziwika, ndipo muziyang'ana kuti anthu asiya kutafuna pa mzere uti.