Kangaude amene palibe anamuona

Bambo wina woumba njerwa ku Kauma anadzuka m'mawa katumba wa mwendo ukuyabwa. Panali kachotupa kofiira, kotentha akakagwira. Usikuwo anagona pamphasa chifukwa bedi anasiyira alendo ochokera kumudzi, ndiye mnzake wa paganyu atangokaona anagamuliratu mlandu: "Achimwene, ameneyu ndi kangaude. Akalumatu amatero." Kangaudeyo palibe anamuona, koma dzina linakhazikika, ndipo aliyense wodzazonda ankabwera ndi mankhwala a kangaude.

Wina anati afinye kuti poizoni atuluke, ndipo anafinyadi. Wina anapaka mankhwala otsukira mano. Mayi a kunyumba anagula makapisozi anayi pa okala, poti ndalama zinathera pomwepo. Kenako bamboyo anapita kwa agogo ena otema mphini, amene anacheka mozungulira chotupacho ndi lezala n'kutikitamo mankhwala akuda. Sabata isanathe mwendo unatupa mpaka m'bondo, khungu likuchita kunyezimira, nsapato osalowa.

"Bambo a mwana, tiyeni kuchipatala, izi zatikulira," anatero mayiwo. Bamboyo anakana, akuti uvuni unali pafupi kuotchedwa ndipo mwini njerwa anali atapereka kale theka la ndalama. Anachita kumunyamula usiku atayamba kubwebweta, thupi lili moto.

Pachipatala chaching'ono anangomuona n'kumutumiza kuchipatala chachikulu cha Central. Kumeneko madokotala anapeza kuti chinali chithupsa wamba choyambitsidwa ndi mabakiteriya, chimene kufinya ndi lezala zija zinachikankhira mkati mpaka matenda analowa m'magazi. Atamuyeza anapezanso shuga wokwera kwambiri, matenda amene mwiniwake sankadziwa kuti ali nawo. Anamung'amba mwendo kufiyeta, anachotsa mafinya ndi mnofu wowola, anakhala pa diripi masiku ambiri, ndipo pomaliza anachita kusenda khungu pantchafu kuti atseke bala. Mwendo unapulumuka. Njerwa zija mvula yoyamba inazipeza zisanaotchedwe.

Kunamizira kangaude si kwa ku Kauma kokha. Mu 2011 dokotala wa ku California, Jeffrey Suchard, anafalitsa zomwe anapeza pa anthu 182 amene anafika kuchipatala akunena kuti alumidwa ndi kangaude. Amene anapezekadi kuti ndi kangaude anali 7 okha, pomwe 156 anali ndi zilonda za tizilombo toyambitsa matenda pakhungu. Kwathu kuno zinthu zofanana ndi "bala la kangaude" n'zochuluka kuposa pamenepo. Pali mphutsi za ntchentche zija zimene zimaikira mazira pa zovala zoyanikidwa pansi, ndipo mphutsizo zimalowa pakhungu la munthu wovala zosasita. Pali mashingozi, amene amatulutsa matuza owotcha mbali imodzi ya thupi ndipo nthawi zina amakhala chenjezo loti munthu akayezetse magazi. Palinso anthrax wa pakhungu, wa chilonda cha nkhanambo yakuda chosapweteka kwenikweni, amene anavuta ku Zambia mu 2023 ndipo chaka chomwecho anapezeka ndi munthu ku Mzimba. Matenda onsewa ali ndi mankhwala akeake, ndipo amene wawatcha kangaude amachedwa kukawalandira.

Si kuti akangaude aululu kulibe. Woyenera kumudziwa ndi wa mtundu wa Latrodectus, amene ku South Africa amamutcha button spider. Ndi wamng'ono, thupi lake pafupifupi sentimita imodzi, wa mimba yobulungira yakuda kapena yofiirira, ndipo wofiirirayo ali ndi chizindikiro chofiira kunsi kwa mimba. Timatumba ta mazira a wofiirirayu tili ndi timinga ngati chipatso cha nsatsi, ndipo mukationa dziwani kuti mwiniwake ali pafupi. Amakonda malo amdima osasokonezedwa: kunsi kwa mipando, m'milu ya njerwa ndi nkhuni, m'matayala akale, m'makona a chimbudzi chokumba. Ku Kauma malo otere ali pakhomo lililonse. Sasaka munthu, amaluma akapanikizika ndi dzanja kapena chovala.

Chosokoneza n'chakuti kangaude ameneyu sasiya chilonda chachikulu. Polumidwapo pamangooneka kadontho, mwina osaoneka n'komwe. Ululu wake umagwira mitsempha. Pakatha ola limodzi kapena kucheperapo, ululu umakwera kuchoka pabalapo kupita m'mphechepeche kapena m'khwapa, kenako minofu ya msana, miyendo ndi mimba imayamba kukokana. Munthu amatuluka thukuta lambiri, nthawi zina pa mwendo wolumidwa wokhawo, amasowa mtendere, magazi amathamanga, ndipo mimba imauma gwa, moti dokotala wosauzidwa bwino akhoza kuganiza za apendikisi. N'chifukwa chake pofika kuchipatala muyenera kunena zonse: kuti mwanayo amasewera pamulu wa nkhuni, kuti ululu unayambira pachala. Wofiirira uja nthawi zambiri amangopweteka pamalo polumidwa. Wakuda ndiye woopsa, makamaka kwa ana aang'ono ndi okalamba. Kuchipatala amapereka mankhwala amphamvu opha ululu ndi ofewetsa minofu, n'kumayang'anira kupuma ndi kuthamanga kwa magazi. Mankhwala ogonjetsa ululu wa kangaudeyu amapangidwa ku Johannesburg ndi a South African Vaccine Producers, ndipo amabayidwa kwa okhawo amene zawathina. Ambiri amachira pa masiku ochepa, ndipo imfa sizichitika kawirikawiri.

Amene amawoletsadi mnofu ndi wa mtundu wa Loxosceles, wodziwika kumadera a Johannesburg kumene abale athu ambiri akugwira ntchito. Amaluma usiku munthu osamva; m'mawa pamafiira, kenako pamatuluka thuza, ndipo patapita masiku angapo pakati pamada. Ngakhale pamenepa madokotala sathamangira mpeni. Amatsuka, kumanga, kubaya katemera wa kafumbata, n'kudikira kuti malire a mnofu wakufa aoneke bwino, chifukwa kucheka msanga kumakulitsa bala. Ngati wophunzira zaopaleshoni amaleza mtima chonchi, lezala ya kuseri kwa nyumba ikufuna chiyani pamenepo?

Mukalumidwa mukuona, tsukani ndi sopo, ikanipo nsalu yozizira, imwani panado, ndipo musamange mwendo ndi chingwe. Kangaudeyo, ngakhale wophwanyika, muikeni m'kabotolo mupite naye, kapena mumujambule pafoni. Pa chilonda chilichonse chosadziwika chiyambi chake, lembani mzere ndi bolopeni mozungulira pofiirapo. Kufiirako kukadutsa mzerewo pofika mawa, kapena thupi likatentha, mkodzo ukada, mizere yofiira ikayamba kukwera ndi mwendo, nyamukani tsiku lomwelo, ndipo mukafika pemphani kuti akuyezeninso shuga.