PHUNZIRO LA ZA NTHAKA NDI MADZI: Madamu a kwa Malingunde ndi Nkhalango ya Dzalanyama

Munthu wa mu mzinda wa Lilongwe akatsegula mpope m'mwezi wa Okutobala, pamene zitsime zambiri za kumidzi zaphwa, kawirikawiri saganizira kumene madziwo achokera. Ena amayesa kuti achokera ku nyumba ya makina oyeretsera madzi. Ena odziwako amati achokera ku madamu a kwa Malingunde. Onsewo anenako zoona, koma sanafike pa gwero penipeni. Madziwo ndi mvula imene idagwa miyezi yapitayo pa mapiri a Dzalanyama. Tsono phunziro lino lilongosola chifukwa chake malo onse a pakati pa mapiriwo ndi mzinda ayenera kugawidwa ndi kusungidwa mwanzeru.

MADAMU NDI GWERO LAKE

Mtsinje wa Lilongwe uyambira m'nkhalango ya Dzalanyama, kumwera chakumadzulo kwa mzinda, m'malire a Malawi ndi Mozambique. Boma lidapatula nkhalangoyi m'chaka cha 1922, ndipo kukula kwake ndi mahekitala oposa 98,000, m'maboma a Lilongwe, Dedza ndi Mchinji. Mitsinje ya Likuni ndi Diamphwe iyambiranso komweko. Kwa Achewa malowa ndi olemekezeka chiyambire kale, pakuti ndiko kuli Kaphirintiwa, kumene makolo ankati anthu oyamba ndi nyama adasiya mapazi awo pa thanthwe lisanalimbe.

Damu loyamba, lotchedwa Kamuzu Dam I, lidamangidwa pa mtsinjewu kwa Malingunde m'chaka cha 1966. Lilongwe atakhala likulu la dziko mu 1975, anthu adachuluka msanga ndipo madzi adayamba kuperewera. Chifukwa chake damu lachiwiri lidamangidwa kunsi kwa loyambalo mu 1989, ndipo mu 1999 khoma lake lidakwezedwa kuti lizisunga makyubiki mita 19,800,000 a madzi m'malo mwa 9,200,000. Kuchokera kumadamuko madzi amatsika ndi mtsinje womwewo ulendo wa makilomita pafupifupi 20, kufikira pamene bungwe la Lilongwe Water Board limawapopa ndi kuwayeretsa.

NTCHITO YA NKHALANGO

Damu lili ngati nkhokwe: limasunga zokhazo zimene munda wapatsa. Munda wa damu ndi dera lonse limene madzi ake amatsikira m'damumo, ndipo gawo lofunika koposa la mundawo ndi nkhalango.

M'dziko muno mvula imagwa kuyambira Novembala kufikira Epulo, kenaka kumakhala miyezi yambiri yopanda dontho. Mvula ikagwa pa nkhalango ya miombo, masamba amachepetsa mphamvu yake, zinyalala zapansi zimaigwira, ndipo mizu imaitsegulira njira yolowera m'nthaka. Madzi olowa pansiwo amatuluka pang'onopang'ono mu akasupe nthawi yonse ya chilimwe, kotero kuti mtsinje suleka kuyenda. Koma phiri likakhala lopanda mitengo, mvula imathamanga pamwamba tsiku lomwelo, itanyamula dothi. Pofika m'damu madziwo amadekha, dothi nkukhala pansi, ndipo chaka ndi chaka matope amalanda malo a madzi. Poliona pamwamba damu limaoneka lodzaza monga kale, chonsecho kuya kwake kukuchepa. Paja akuluakulu adati chitsime chidziwika kuya chikaphwa. Kuwonjezera apo, madzi amatope amafuna mankhwala ambiri kuti ayere, ndipo mtengo wa mankhwalawo umagwera wolipira madzi.

Zimene zaononga Dzalanyama koposa ndi uvuni za makala ndi kudula nkhuni zogulitsa mu mzinda. Pali moto wolusa wa m'chilimwe umene umapha mphukira, pali kulima kufikira m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, ndiponso kuumba njerwa ndi kukumba mchenga m'magombe.

KUGAWA MALO MONGA MWA NTCHITO YAKE

Mwini khomo wanzeru sakumba chimbudzi pafupi ndi chitsime, ndipo samanga khola pakati pa dimba. Chinthu chilichonse amachipatsa malo ake. Nzeru yomweyo ndiyo ifunika pokonza dera lozungulira damu, ndipo deralo lingathe kugawidwa panayi.

Gawo loyamba ndi la magwero ndi mapiri otsetsereka. Kumeneko nkhwangwa ndi khasu siziyenera kufikako. Komabe si malo opanda phindu kwa anthu, pakuti mumapezeka bowa, masuku, mankhwala ndi uchi wa m'ming'oma yopachika, ndipo zonsezi zimakololedwa mtengo uli chiimire.

Gawo lachiwiri ndi la mitengo yobzala, monga paini ndi bulugamu za ku Katete, pamodzi ndi nkhalango za m'midzi. Kumeneko ndiko kuyenera kuchokera nkhuni, matabwa ndi mitengo yomangira nyumba, podula mwa dongosolo ndi kubzalanso. Bulugamu aikidwe kutali ndi akasupe, chifukwa amamwa madzi ambiri.

Gawo lachitatu ndi la m'mphepete mwa damu ndi mitsinje. Pamenepa payenera kusiyidwa mpata wosalimidwa, womera bango, nsungwi, mikuyu ndi mbawa, kuti usefe dothi ndi feteleza zisanalowe m'madzi. Ng'ombe zikhale ndi malo ake omwera odziwika, zisamagumule gombe paliponse.

Gawo lachinayi ndi la minda ndi midzi. Pano dziko ndi la eni ake, ndipo chofunika ndi ulimi wosunga nthaka: mizere yopingasa chitsetso, milambala yobzalidwa udzu wa vetiva, manyowa, ndi mitengo yobwezera chonde monga nsangu. Dothi limene latsala m'munda ndi phindu la mlimi, ndiponso ndi matope amene sadafike m'damu.

MALAMULO NDI CHILUNGAMO

Lamulo la za nkhalango la mu 1997 lidaletsa kuotcha makala popanda chilolezo. Lidalolanso midzi kukhala ndi nkhalango zakezake, ndi kupangana ndi Boma za kusamalira limodzi nkhalango za Boma. Mu 2015, zinthu zitafika poipa, asilikali adatumizidwa kukalondera Dzalanyama, ndipo mu 2020 lamulo lija lidakonzedwanso kuti zilango zikule.

Koma mlonda yekha sangasunge nkhalango ya mahekitala 98,000, ndipo mfuti siichotsa chimene chimapititsa munthu ku uvuni. Wootcha makala kawirikawiri ndi bambo amene chimanga chamuthera mvula isanagwe. Amakankha njinga ya matumba usiku wonse, phindu lalikulu nkupita kwa ogula mopikula. Ndipo makalawo amathera m'mbaula za mu mzinda, m'nyumba zomwe zija zimene zimamwa madzi a kwa Malingunde. Motero banja la mu mzinda limene limadandaula kuti mpope wauma lingathe kukhala lomwe lidagula mtengo umene ukadasunga madziwo.

Palinso mbali ina. Mlimi wa pafupi ndi damu akauzidwa kuti asiye dimba lake la m'mphepete mwa madzi, amataya ndiwo ndi ndalama za m'chilimwe kuti apindule anthu a kutali amene sawadziwa. Ngati sapatsidwa kanthu m'malo mwake, adzamvera masana ndi kubwereramo usiku. Nchifukwa chake chikonzero chabwino chimayambira pa bwalo la mfumu, pamene malire a magawo aja amakambidwa ndi kuvomerezedwa, amayi otola nkhuni ali pomwepo. Chimanenanso poyera chimene midzi idzalandire: mijigo ya madzi abwino, mbande za mitengo, ming'oma ya njuchi, ntchito za ulonda, ndi gawo la ndalama zochokera m'nkhalangomo. Mutu umodzi susenza denga. A mu mzinda nawonso ali ndi mbali yawo: kugula makala okhala ndi chilolezo, kuphikira pa mbaula zosatha nkhuni, ndi kusamukira ku gasi kapena magetsi pamene angathe.

Khoma la damu lingathe kukwezedwa m'zaka zochepa ndalama zikapezeka, koma mtengo wa muombo umafuna zaka makumi angapo kuti ukule, ndipo dothi lokokoloka silibwerera kuphiri.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi mtsinje wa Lilongwe uyambira kuti, ndipo madamu ake awiri adamangidwa m'zaka ziti?
2. Nanga nkhalango imathandiza bwanji kuti mtsinje uziyenda m'chilimwe?
3. Kodi magawo anayi a dera lozungulira damu ndi ati, ndipo nchiyani chiloledwa m'gawo lililonse?
4. Nchifukwa chiyani asilikali ndi zilango pazokha sizikwanira?
5. Kodi chitsime, mtsinje kapena damu limene mudzi uno umamwa gwero lake lili kuti, ndipo ndani akulisamala?