Kuphunzitsa Kasankhidwe ka Zida pa Galimoto Yakale

Mwa maphunziro onse a ntchito zamanja, limene limavumbula msanga khalidwe la mwana ndi la kumasula chinthu. Pomanga, mwana amayamba waganiza; koma mukangomuuza kuti achotse kanthu, dzanja lake limathamangira sikuludilaiva yaikulu koposa zonse, nayamba kukanula. Nchifukwa chake ife timafuna kuti inu amene mukukonzekera kukaphunzitsa ntchito za zitsulo muyesere phunziro la kuchotsa zokongoletsa za kunja kwa galimoto yakale. Tikunena tizitsulo tonyezimira tija timayenda m'mbali mwa galimoto, zilembo za dzina lake, mikombero ya magalasi, zovundikira pakati pa mawilo ndiponso mabampala. Zimenezi zimachotsedwa pofuna kupaka utoto watsopano kapena kuthana ndi dzimbiri, ndipo kachitsulo kotere kakapindika sikabwerera mwakale.

Galimoto yophunzirira kawirikawiri imakhala yobwereka kwa kholo kapena kwa mwini galaja. Tiyerekeze kuti mwapeza Volkswagen Beetle, imene dzina lake limatanthauza chikumbu. Ku Germany analeka kuipanga m'chaka cha 1978, ku South Africa mu 1979, ndipo yotsiriza inatuluka ku Mexico mu 2003. Motero ngakhale yatsopano koposa yapitirira zaka 20, ndipo kachitsulo kamene mwana angathyole m'kamphindi mwini wake angakafunefune miyezi ingapo. Sukulu imene yabweza galimoto yoonongeka sidzabwerekedwanso kanthu, ndipo mphunzitsi ndiye amasenza manyazi ake.

Maso ayambe, manja atsatire

Chigawo choyamba cha phunziro chichitike bokosi la zida lili chitsekere. Agaweni ana m'magulu a anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, gulu lililonse ndi kachitsulo kake, ndipo liyankhe mafunso awiri: kachitsuloka nkopangidwa ndi chiyani, nanga kagwira bwanji pa galimoto?

Pa funso loyamba maginito amathandiza. Bampala ndi chitsulo chokutidwa ndi chrome, ndipo maginito amamatirira. Tizitsulo ta m'mbali mwa Beetle nta aluminiyamu: maginito samatirira, ntopepuka, ndipo timapindika ngakhale ndi chala. Zilembo ndi zogwirira zitseko za magalimoto ambiri akale nzoumbidwa ndi zinki. Zimenezi sizipindika, zimangoti thyo! Mwana akazindikira kuti zitsulo zonyezimira mofanana zimalephera mosiyana, wayamba kale kusankha chida.

Funso lachiwiri silingayankhidwe mwana ataima chilili. Agwade, asuzumire kumbuyo kwa chinthucho, atsekule boneti, aunike ndi tochi. Adzapeza kuti zina zagwidwa ndi zopanira zolowa m'timabowo, zina ndi masikuluwu, zina ndi mabawuti ndi manati, ndipo pa magalimoto a zaka zapambuyo pake zina anangozimata. Pali magalimoto amene kachitsulo kake kali ndi zopanira m'kati monse koma kumapeto kuli nati yobisika. Wokanula osaiona amathyola nsonga. Apa mwana wopupuluma ndi wodekha amasiyana msanga, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Chifukwa chake sikuludilaiva siyenera kukanulira

Pano tifuna tichedwepo, chifukwa ndi pamene phunziroli limakumana ndi sayansi. Chida chilichonse chokanulira chimatsamira penapake, ndipo pa galimoto chimatsamira pa utoto. Nsonga ya sikuludilaiva ingakhale mamilimita 5 m'lifupi, pamene kapulasitiki kophwatalala kokanulira kangakhale mamilimita 30. Dzanja likakankha ndi mphamvu yofanana, mphamvuyo pa sikuludilaiva imaunjikana pa malo ochepa kasanu ndi kamodzi. Choncho utoto umasweka, chitsulo cha chitseko chimaloweka, ndipo madzi a mvula akapeza pamenepo dzimbiri limayamba. Musangowauza ana zimenezi. Apatseni chitini chopakidwa utoto, wina akanikize ndi sikuludilaiva, wina ndi kamtengo kophwatalala, ndipo ayerekeze zipsera okha.

Sukulu zambiri zilibe zokanulira za pulasitiki. Ife sitiona vuto pamenepa, ndipo kunena zoona timakondwera nako kusowaku, pakuti ana angaseme zokanulira zawo kuchokera ku nsungwi youma, zopyapyala kunsonga ndi zosalala. Nsungwi ndi yofewa koposa aluminiyamu, kotero kuti mwana akapyola muyeso imathetheka ndi nsungwiyo, kachitsulo nkupulumuka. Lamulo limene ana alembe m'makope mwawo ndi ili: chida chokanulira chikhale chofewa koposa chinthu chokanulidwacho. Pamalo potsamira amatepo tepi ya pepala kapena ayalepo kansalu.

Kakanulidwe kakenso nkofunika. Mwana ayambire kumapeto, atsetsereze nsungwi mpaka imve kulimba kwa chopanira, ndipo atukule pomwepo. Akatukula pakati pa zopanira ziwiri kachitsulo kamachita linunda losachokanso. Mnzake agwirizize mbali yomasuka kuti isalendewere. Kunsi kwake mudzapeza matope ouma ndi dzimbiri mozungulira timabowo: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Aonetseni ana kuti kumeneko ndiko kumene mwini galimoto amafunira zokongoletsazi zichoke.

Zilembo zomata zimadulidwa ndi ulusi wa nailoni, uja wa mbedza, poudutsitsa kumbuyo kwake ngati ukucheka, galimoto itayamba yakhala padzuwa kuti zomatirazo zifewe. Zovundikira mawilo za Beetle zili ndi chida chakechake, kawaya kopinda kamene kamakola m'timabowo tiwiri ta m'mphepete; kakasowa, ana angapinde kena kuchokera ku waya wolimba.

Masikuluwu ndi manati

Ana ambiri amaganiza kuti sikuluwu iliyonse ya mtanda ndi imodzimodzi. Ya mtundu wa Phillips ili ndi mtanda wokha. Ya Pozidriv, imene imapezeka pa magalimoto ambiri a ku Britain, ili ndi timizere tina tinayi pakati pa mikono ya mtandawo. Ya ku Japan nthawi zambiri imakhala ndi kadontho pambali. Sikuludilaiva yosayenera imadumpha, nidya mutu wa sikuluwu, ndipo kawirikawiri imatereka nkukanda utoto. Mwana ayambe wakolopola dothi m'mutumo ndi singano, ayese chida, amve ngati chakhazikika osagwedera, ndipo pozungulitsa akankhe koposa m'mene akupotolera.

Pa manati pali msampha wina. Beetle ili ndi miyeso ya mamilimita, pamene Morris Minor, imene inapangidwa kuyambira 1948 mpaka 1971, ili ndi miyeso ya mainchesi. Theka la inchesi ndi mamilimita 12.7. Sipanala ya 13 ilowa bwinobwino pa nati ya theka la inchesi, koma imatsala ndi mpata wa mamilimita 0.3, ndipo pa nati yadzimbiri mpata umenewo ndi wokwanira kudya ngodya zonse mpaka natiyo kukhala yobulungira. Lembani masamu amenewa pa bolodi, ana achotsere okha. Sipanala yapakamwa imagwira mbali ziwiri zokha, ndipo ija yosinthasintha kukamwa, imene amakaniko amaitcha shifitingi, imagwedera koposa. Yabwino ndi soketi ya ngodya zisanu ndi imodzi, yogwira nati yonse.

Mabawuti a bampala ali ndi mitu yobulungira yopanda pogwira, chifukwa khosi lake la ngodya zinayi limakhazikika m'bowo la bampalayo. Amamasulidwa ndi kumbuyo kokha. Mwana akatenga pulayala kuti agwire mutu wonyezimirawo, mletseni. Nati yokanika itsukidwe ndi burashi ya waya, ithiridwe mafuta omasulira dzimbiri dzulo lake, ndipo poyamba imangidwe pang'ono isanamasulidwe, kuti dzimbiri lisweke. Ikakanabe, idulidwe ndi sowo ya zitsulo. Bawuti ndi yotsika mtengo, bampala ndiyo yosowa. Amakaniko ena amaotcha nati yotere ndi moto, koma m'kalasi ayi. Pa Beetle injini ili kumbuyo, ndipo thanki ya petulo ili kutsogolo, pansi pa boneti, pafupi ndi pamene ana akugwira ntchito.

Kayendetsedwe ka phunziro

Mphindi 80 zingakwane, bola mafuta athiridwe tsiku loyamba. Makiyi akhale m'thumba mwa mphunzitsi, mawilo atsekerezedwe ndi miyala, ndipo wogwira ntchito kunsi kwa bampala avale magalasi oteteza maso, popeza dzimbiri limayoyokera kunkhope. M'mphepete mwa tizitsulo timeneti ndi makuthwa ngati mpeni.

Mphunzitsi akhale pa bokosi la zida. Gulu lisalandire chida lisanatchule dzina lake, chifukwa chochisankhira, ndi chimene chingaonongeke likalakwitsa. Yankho lakuti "ndicho chili pafupi" lisalandiridwe. Aphunzitsi atsopano amayesedwa kulanda chida m'manja mwa mwana wochedwa kuti ntchito ithe. Musatero, pakuti mwini galimoto angadikire, ndipo mwanayo ndiye mwadzera. Onetsetsaninso kuti atsikana akugwira zida, osangopatsidwa ntchito yolemba ndi kunyamula. Pogawa malikisi, ife timapereka ochuluka kwa gulu limene linaima nkufunsa litamva kulimba kosayembekezereka, ngakhale litachotsa kachitsulo kamodzi kokha, koposa gulu limene lachotsa tinayi nkupinda kamodzi.

Chilichonse chochotsedwa chilembedwe kumbuyo kwake ngati ncha kumanzere kapena kumanja, ncha chitseko kapena cha boneti. Masikuluwu abayidwe pa katoni yojambulidwa chithunzi cha galimoto, iliyonse pamalo pake. Tizitsulo titalitali tigonekedwe pa thabwa lowongoka, osatiimika pakhoma.

Mikombero ya aluminiyamu ya m'magalasi a Beetle musaikhudze pa phunziro loyamba. Imeneyi inalowetsedwa mu mphira galasi lisanaikidwe pa galimoto, ndipo mphirayo ikakhazikika imaipana kolimba, kotero kuti palibe nsungwi kapena pulasitiki imene ingaitulutse osaipinda. Njira yake nkuchotsa galasi lonse pamodzi ndi mphira, kenaka nkusolola mkomberowo pa tebulo. Ntchito imeneyi imafuna anthu awiri, wina m'kati wina kunja, ndiponso mphira yatsopano yokonzeratu, popeza yakale imakhala itauma ndipo nthawi zambiri imayenera kudulidwa. Gulu limene lapatsidwa galasi lingoyang'ana, lilembe chimene laona, ndipo lifotokozere kalasi chifukwa chake silinapemphe chida chilichonse.