Mphamvu Yokonda Munthu Wovuta

Kuwerenga: Luka 6:27-36, Aroma 5:1-11

Aliyense wa ife ali ndi munthu amene akangomva mawu ake pakhomo, mtima umawawa. Kwa wina ndi apongozi amene anachokera kumudzi kudzaonana ndi dokotala, ndipo tsopano atha miyezi m'nyumba ku Kabwata, ndiwo zonse akuzinyoza. Kwa wina ndi mnansi wa ku Chelstone amene amatunga naye pampopi umodzi, koma tsiku lolipira amasowa. Kwa wina ndi adona a ku Kabulonga kapena ku Woodlands amene amawagwirira ntchito, osamvapo zikomo ngakhale tsiku limodzi. Nthawi zina ndi mayi mnzathu wa m'Chigwirizano momwe. Ambuye Yesu akutilamula kuwakonda anthu otere, kuwachitira zabwino ndi kuwapempherera. Nanga mphamvu yake tiipeza kuti?

1. Patokha sitingathe

Katekisimu wa Heidelberg, wolembedwa mu 1563, satinyengerera. Pa funso 5 amatiphunzitsa kuti chibadwa chathu chimapendekera ku chidani, kwa Mulungu ndi kwa mnansi yemwe. Tikumbukire chilala cha 2024, pamene madzi anachepa ku Kariba ndipo nyumba za mu Lusaka zinkakhala maola ambiri zopanda magetsi. Sitovu ndi firiji zinalipo, koma sizinkathandiza. Ndi mmene ulili mtima wosalumikizidwa kwa Khristu (Yohane 15:5). Yunifolomu yoyera siibala chikondi.

2. Gwero lake ndi Khristu

Pa Aroma 5 Paulo akutikumbutsa kuti Khristu anatifera tikadali ochimwa, tili adani a Mulungu. Ovuta oyamba ndife, ndipo Iye sanadikire kuti tiyambe tasintha. Ndime 5 ikuwonjezera kuti Mzimu Woyera ndiye amadzaza mitima yathu ndi chikondi cha Mulungu. Chikondi ichi timachita kulandira, ndipo gwero lake siliphwa ngati damu.

3. Kumvera kumatsogola, mtima umatsatira

Corrie ten Boom anali mayi wa mpingo wa Reformed ku Haarlem, m'dziko la Netherlands. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse banja lawo linkabisa Ayuda, ndipo mu February 1944 anamangidwa. Bambo ake anamwalira atangomangidwa kumene, ndipo mkulu wake Betsie anafera ku ndende ya Ravensbrück mu December chaka chomwecho. Mu 1947 Corrie atatha kulankhula za chikhululukiro m'tchalitchi ku Munich, panabwera mmodzi wa alonda a ndende ija, natambasula dzanja kupempha chikhululukiro. Mtima wa Corrie unakana. Anapemphera chamumtima kuti Yesu amthandize, nakweza dzanja mwa kumvera chabe. Chikondi chinadza dzanja litagwirana kale.

Ifenso tisadikire kuti mtima ufewe. Perekani moni. Aphikireni apongozi phala. Mnansi uja akagwa m'maliro, pitani mukagone nawo. Mutchuleni dzina m'pemphero tsiku ndi tsiku, pakuti nkovuta kupitiriza kudana ndi munthu amene mukumupempherera.

4. Kukonda si kubisa nkhanza

Amayi ena akupirira kumenyedwa poganiza kuti ndicho chikhristu. Ayi. Mateyu 18:15-17 amatiphunzitsa kudzudzula wolakwa, ndipo akapanda kumva, kuitana ena. Uzani abusa kapena akulu a mpingo. Kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit, ndipo lamulo la 2011 loletsa nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi limakutetezani. Kuletsa munthu kupitiriza tchimo ndi chikondinso.

Mafunso okambirana

a) Kodi kukhululuka ndi kulekerera zimasiyana bwanji?
b) Ndi chabwino chiti chimodzi chimene mudzamchitire munthu wokuvutani sabata ino?
c) Kodi alipo amene inuyo mumamuvuta?

Pemphero

Atate wathu wa Kumwamba, Inu munatikonda tili adani anu. Mitima yathu ndi youma. Tidzazeni ndi Mzimu wanu, kuti tikonde ngakhale iwo amene amatiliritsa. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.