Fani ikulira ngati ndege koma PlayStation ikutenthabe: vuto lili pati?

Mukalowa m'kanyumba kosewerera magemu pa Migowi kapena pa Chiringa mwezi wa Okutobala, mumva fani ya PlayStation ikulira ngati ndege yofuna kunyamuka. Posakhalitsa makinawo amangozima gemu ili pakati. Ambiri amathamangira kunena kuti, "Ingoikani fani yamphamvu basi." Kodi mankhwala ake ndi amenewo? Tiyeni tifunse Physics.

Kutenthako kumachokera kuti?

M'kalasi munaphunzira kuti mphamvu siitayika, imangosintha maonekedwe. Pafupifupi magetsi onse amene makinawa amakoka amasanduka kutentha. PS4 yoyamba, ya mu 2013, imakoka mawati oposa 100 ikakhala pa gemu yolemera. Tangoganizani babu lakale lija la mawati 100 litatsekeredwa m'bokosi lapulasitiki. Ndipo kutentha kochuluka kumachokera pa chip kochepa kuposa bokosi la machesi.

Kutenthaku si kosewera nako. Mu 2007 kampani ya Microsoft idapatula ndalama zoposa madola 1 biliyoni zokonzera ma Xbox 360 amene ankafa chifukwa mtovu wolumikiza chip unkang'aluka ndi kutentha ndi kuzizira mobwerezabwereza.

Njira imene kutentha kumatulukira

Choyamba, kutentha kumachoka pa chip kulowa m'chitsulo chokhala ndi timasamba tambiri chotchedwa heatsink. Uku ndiye kuja timati conduction. Pakati pa ziwirizi amapakapo phala lotuwa lotchedwa thermal paste. Chifukwa chake n'chakuti zitsulo ziwiri zikagundana pamatsala timipata ta mpweya, pomwe mpweya sudutsitsa bwino kutentha: kopa amauposa maulendo opitirira 10,000.

Chachiwiri, fani imakankha mpweya kudutsa m'timasamba tija, mpweyawo n'kunyamula kutentha kupita nako kunja. Iyi ndiye convection.

Apa gwirani mfundo iyi: fani siipanga kuzizira. Mukamauzira phala lotentha mumangochotsa mpweya wotentha pamwamba pake kuti pabwere wina. Fani nayo imatero. Ndiye ngati phala lija lauma, kapena timasamba tatsekeka ndi fumbi, fani ingalire bwanji kutentha kulibe potulukira.

Zimene anthu amachita, ndi zotsatira zake

Ena amalumikiza fani molunjika ku mavoti 12 kuti izithamanga mpaka pamapeto nthawi zonse. Lamulo la mafani limati liwiro likawirikiza kawiri, mpweya umawirikizanso kawiri, koma mphamvu yofunika imawirikiza ka 8. Phokoso limakula, fani imatha msanga, ndipo imakokera m'kati fumbi lochuluka.

Ena amaboola chivundikiro. Koma m'kati mwa PS4 mpweya uli ndi msewu wake: umalowera m'mbali, kudutsa pa zipangizo zina, kenako kutulukira kumbuyo. Mukaboola pamwamba pa fani, mpweya umadulira njira yachidule, zipangizo zina zija n'kutsala zopanda mphepo.

Enanso amamata timafani ta USB kumbuyo. Tikakhala tofooka kuposa fani ya m'kati, timangotchinga khomo.

Nanga chothandiza n'chiyani kuno kwathu?

Sony imati PS4 izigwira ntchito pa malo otentha madigiri 5 mpaka 35, ndipo italikirane ndi khoma masentimita osachepera 10. M'chigwa cha Phalombe, dzuwa la Okutobala ndi Novembala likaomba pa malata opanda siling'i, m'chipinda mutha kutentha kuposa pamenepo. Kumbukirani kuti fani singaziziritse makina kuposa mpweya umene ikukokawo. Choncho yambani ndi izi:

1. Chotsani makina pansi pomwe pali fumbi, muwaike pa tebulo pamalo popita mphepo. Musawaike m'kabati kapena kuwafunditsa nsalu.

2. Pukutani timabowo ndi kaburashi kouma. Mphemvu zimakonda malo ofunda ndi amdima, choncho musadyere pafupi.

3. Makina akakhala kuti atha zaka zingapo, katswiri atsegule, achotse fumbi pa heatsink, apake phala latsopano. Nthawi zambiri phokoso limatsika pomwepo fani isanasinthidwe n'komwe.

Chenjezo: gawo lolandira magetsi a mavoti 230 lili ndi ma capacitor amene amasunga moto ngakhale mutazula pulagi. Musalitsegule nokha. Komanso popemerera fumbi gwirani fani isazungulire, chifukwa mota ikazunguliridwa imapanga magetsi amene angaononge bodi.

Yesani nokha

Fani ina imafuna mawati 3 ikamazungulira ka 2,000 pa mphindi. Idzafuna mawati angati pa 4,000? Nanga mpweya udzachuluka kangati? Mukapeza mayankho, kambiranani ndi anzanu ngati kuthamangitsa fani kuli ndi phindu lolingana ndi mtengo wake.