MPHUNZITSI WA MPIRA NDI TCHUTHI CHACHIKULU

Chiyambi

Ambiri a inu mukatsiriza maphunziro anu pa koleji pano mudzatumizidwa ku sukulu za kumidzi. Tsiku lina mphunzitsi wamkulu adzakuitanani mu ofesi nakupatsani wenzulo, mpira umodzi ndi thumba la majezi, nakuuzani kuti timu ya sukulu ili m'manja mwanu. Ntchito imeneyi simudzachita kuifunsira ayi, komabe ana amene adzaime pamaso panu pa bwalo ndi omwewo amene makolo adakusungitsani m'kalasi. M'phunziro lino tikambirana gawo limodzi la ntchitoyi: zimene mphunzitsi ayenera kuchita ndi oseŵera ake pa tchuthi chachikulu, chimene chimayamba cha kumapeto kwa Julayi ndi kutha mu Sepitembala. Zitsanzo zathu tazitenga ku dera la Nsaru m'boma la Lilongwe, koma zingathandizenso mphunzitsi wa ku Kabudula, Nambuma, Mpingu kapena Namitete, pakuti konseku moyo wa ana ndi wa kumunda.

Zimene tidaona

Chaka china tikuyendera ophunzira athu amene adali kudziyesa kuphunzitsa, tidafika pa sukulu ina ya sekondale yoyendera pafupi ndi Nsaru. Mphunzitsi wa mpira pa sukulupo adali mnyamata wakhama ndi wokonda ana. Potseka sukulu adauza oseŵera ake kuti akapume, ndipo sadaonane nawonso mpaka tsiku lotsegulira. Atamva kuti mpikisano woyamba uli pafupi, adayamba kuwathamangitsa mozungulira bwalo masana alionse, dzuŵa lili pamutu, kuti abweze mphamvu zimene zidatayika. Asadathe masabata aŵiri, anyamata atatu adali kutsimphina, ndipo mmodzi wa mu Folomu 4 bondo lidamtupa.

Titafunsitsa tidamva kuti mnyamatayo sadapume konse. M'maŵa uliwonse adali kusenza makeni a madzi kuthirira nazale ya fodya ya bambo ake, ndipo sabata lomaliza la tchuthi adaseŵera mipira itatu m'masiku aŵiri pa bonanza ya m'mudzi, wopanda nsapato, pa bwalo louma gwa. Bondo lidali litayamba kale kuŵaŵa, koma palibe adamfunsa. Popeza kwawo kudali kutali ndipo amayenda pansi, adajomba kusukulu masabata angapo m'chaka chake cha mayeso a MSCE. Apa mpamene pagona phunziro lathu: kwa mwana woyenda pansi kupita kusukulu, mwendo ukavulala maphunzironso avulala.

1. Zimene zimachitika m'thupi maseŵera akaima

Mtima, mapapo ndi minofu zimazoloŵera ntchito imene zikupatsidwa. Woseŵera akaleka kuthamanga kwa masabata atatu kapena anayi, mphamvu yake yopirira imayamba kutsika, ndipo amatha mpweya msanga. Koma kusunga mphamvu zimene munthu ali nazo kale sikulira ntchito yambiri ngati kuzipeza poyamba. Kukonzekera kaŵiri pa sabata, ngati kuli kwamphamvu ndithu, kumasunga zambiri zimene ana adapindula m'chaka.

Chachiŵiri nchakuti ana a sekondale akukula. Mafupa a mnyamata wa zaka 13 mpaka 16 amatalika mofulumira, ndipo malo amene mitsempha ya minofu imalumikizana ndi fupa amakhala osakhwima. Nchifukwa chake anyamata ambiri a msinkhu umenewu amadandaula kuŵaŵa pansi pa bondo akathamanga ndi kudumpha kwambiri. Mwana wotere si waulesi. Afunika kumchepetsera ntchito, ndipo ululu ukapitirira apite kuchipatala.

2. Tchuthi cha mwana wa mlimi

Mabuku ambiri a zamaseŵera adalembedwera maiko kumene mwana akatsekera sukulu amakhala pansi. Ku Nsaru si choncho. Mu Ogasiti ndi Sepitembala mwana amatong'ola chimanga, kuswa mtedza, kusosa m'munda, kuumba njerwa, kuthirira kudimba ndi kunazale ya fodya m'maŵa ndi madzulo, ndi kuyendetsa ngolo. Iyinso ndiyo nyengo ya ziliza ndi zinamwali, pamene ena amachoka pamudzi masiku angapo. Mphunzitsi amene saŵerengera ntchito zimenezi amasenzetsa katundu pamwamba pa katundu wina.

Komanso tisanamizidwe kuti khasu lalowa m'malo mwa bwalo. Ntchito ya kumunda imalimbitsa msana ndi manja, ndipo imaphunzitsa kupirira, koma imachitika pang'onopang'ono. Mpira umafuna liŵiro ladzidzidzi, kuima mwadzidzidzi, kutembenuka ndi kudumpha. Minofu ya kuseri kwa ntchafu ndi ya m'mphechepeche imavulala kaŵirikaŵiri pamene munthu athamanga liŵiro lonse atakhala nthaŵi yaitali osatero. Tsono chimene ana athu amasoŵa pa tchuthi si kuthamanga mtunda wautali, koma liŵiro lalifupi, kulimbitsa maondo ndi kuseŵera ndi mpira.

3. Dongosolo la masabata 6

Sukulu isadatsekedwe, yesani ana. Njira yosavuta ndi imene Kenneth Cooper wa ku America adaifalitsa mu 1968: mwana athamange mphindi 12, inu nkulemba mtunda umene wayenda. Ngati bwalo lanu ndi lotalika mamita 100 ndi lotambalala mamita 60, kulizungulira kamodzi ndi mamita 320. Wozungulira kasanu ndi katatu wayenda mamita 2,560. Lembani zimenezi m'kope, ndipo mudzayesenso potsegulira. Kenaka gaŵani ana m'magulu monga mwa midzi yawo, gulu lililonse likhale ndi mtsogoleri wokhwima nzeru, pakuti si onse angathe kubwera ku bwalo la sukulu.

Sabata 1 ndi 2: Ana apume ku mpira wa mpikisano. Zilonda zipole, ndipo amene adabinya akakolo kapena bondo achire. Athandize makolo mokwanira.

Sabata 3 ndi 4: Magulu akumane kaŵiri pa sabata, ola limodzi, dzuŵa litapendeka. Mphindi 20 zoyamba zikhale zotenthetsa thupi. Mphindi 10 zotsatira athamange liŵiro la mamita 20 kapena 30 kasanu ndi kamodzi, akumayenda pang'onopang'ono pobwerera. Nthaŵi yotsala aseŵere anayi kwa anayi kapena asanu kwa asanu pa kabwalo kakang'ono. Pa kabwalo kotere mwana aliyense amakhudza mpira kambiri, ndipo amathamanga kwambiri osazindikira kuti akuthamanga. Mpira wa chikulunga ndi wokwanira.

Sabata 5 ndi 6: Akumane katatu pa sabata, ndipo kamodzi mwa katatuko timu yonse isonkhane pa bwalo la sukulu inu mulipo. Onjezerani ntchito pang'onopang'ono. Mpira wathunthu wa mphindi 90 udikire sabata lomaliza. Akuluakulu adati tsokonombwe adatha mtunda nkudumpha. Mphamvu za miyezi iŵiri sizibwerera m'masiku khumi.

4. Kutenthetsa thupi

Mu 2006 madokotala a bungwe la FIFA pamodzi ndi anzawo adakonza ndondomeko yotenthetsera thupi ya mphindi 20 yotchedwa 11+. Itayesedwa ku Norway pakati pa atsikana pafupifupi 1,900 a zaka 13 mpaka 17, zotsatira zimene zidasindikizidwa mu 2008 zidaonetsa kuti kuvulala kudachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ubwino wake kwa ife ngwakuti siifuna zipangizo zogula. Zitsononkho zingakhale zizindikiro za pa bwalo.

Ndondomekoyi imayamba ndi kuthamanga pang'onopang'ono aŵiriaŵiri, kupita kutsogolo, cham'mbali ndi chambuyo. Kenaka pamabwera zolimbitsa thupi, ndipo zinayi mwa izo nazi:

(a) Kugona chafufumimba ndi kudzikweza pa zigongono ndi zala za kumapazi, thupi lili loongoka, kwa masekondi 20 kapena 30.

(b) Wina agwade, mnzake amgwire akakolo, ndipo wogwadayo agwere kutsogolo pang'onopang'ono, msana uli woongoka, nadzitchinjiriza ndi manja pofika pansi. Oyamba kumene achite katatu kapena kasanu.

(c) Kuima ndi mwendo umodzi uku akuponyerana mpira ndi mnzake.

(d) Kudumpha ndi kutera mofeŵa, maondo atapindika.

Pa zonsezi diso lanu likhale pa bondo. Liyenera kulunjika kumene kwaloza zala za phazi, osati kugwera m'kati. Phunzitsani zimenezi teremu yachitatu isadathe kuti atsogoleri a magulu akathe kuongolera anzawo.

5. Mabonanza a m'midzi

Nyengo yachilimwe ndiyo nyengo ya mabonanza, pamene matimu a m'midzi amalimbirana ndalama, mbuzi kapena majezi. Mnyamata wa sekondale wodziŵa mpira amafunidwa ndi matimu angapo, ndipo kandalama kamene amlonjeza kangagule sopo ndi makope. Kumletsa kotheratu nkudzinamiza, pakuti adzapita mobisa. Chanzeru ndi kupangana naye malamulo oŵerengeka: asaseŵere mipira iŵiri tsiku limodzi, pakhale masiku aŵiri kapena atatu pakati pa mpira wina ndi unzake, ndipo asaloŵe m'bwalo ali ndi ululu. Mkumbutseni kuti kumeneko akulimbana ndi amuna aakulu olemera kuposa iye. Mwana amene wagunditsa mutu nachita chizungulire, kusanza kapena kusokonezeka, atuluke nthaŵi yomweyo, asabwererenso tsiku limenelo, ndipo aonedwe kuchipatala.

6. Chakudya, madzi ndi matenda

Musauze ana za zakudya zimene makolo awo sangathe kugula. Nsima ya mgaiwa, nyemba, soya, mtedza, mbatata, usipa, mazira ndi ndiwo zamasamba za kudimba nzokwanira kumanga thupi la woseŵera. Funso loyamba pa bwalo likhale lakuti, kodi mwadya? Amene sadadye kanthu chiyambire m'maŵa asathamange liŵiro. Gulu lililonse libwere ndi chigubu cha madzi a pa mjigo, ndipo amwe asadayambe, pakati ndi potsiriza, makamaka mu Sepitembala pamene kwayamba kutentha. Mwana amene watentha thupi asaseŵere, ndipo wochira malungo abwerere pang'onopang'ono.

Tchuthi cha Khirisimasi nchosiyana. Imeneyo ndi nthaŵi yopalira ndi kubandira, nkhokwe zambiri zili zitatsika, ndipo mvula ya ziphaliwali ndi yoopsa pa bwalo lapoyera. Pamenepo ana asiyeni athandize kumunda.

7. Makolo

Dongosolo lonseli silingayende makolo atalikana. Mphunzitsi wamkulu adziŵe, komiti ya makolo ndi aphunzitsi idziŵe, ndipo kumene gulu lidzakumanire pa bwalo la m'mudzi, pitani kwa a mfumu. Kholo likakayika, musalitsutse, pakuti nazale ikauma banja lonse lataya chaka. Pitani kunyumba, khalani pansi, ndipo mutatha malonje munene motere: "Bambo, tabwera kudzapempha mwana wanuyu masiku aŵiri pa sabata, ola limodzi lokha. Ayambe watsiriza kuthirira. Mukaona kuti ntchito ya pakhomo kapena ya kusukulu yayamba kufooka, mutiuze, tidzamuimitsa ndife." Lonjezo limeneli mulisunge.

8. Atsikana

Zonse tanenazi zikhudzanso atsikana, amene ntchito zawo za pa tchuthi, kutunga madzi, kutola nkhuni ndi kupita kuchigayo, sizitha. Tabitha Chawinga ndi mng'ono wake Temwa adakulira ku Rumphi akuseŵera mpira ndi anyamata. Tabitha adamwetsa zigoli zambiri kuposa onse mu ligi ya amayi ya ku Italy mu 2023, Temwa adasankhidwa kukhala woseŵera wopambana mu ligi ya ku America mu 2024, ndipo timu ya amayi ya Malaŵi idatenga chikho cha COSAFA mu 2023. Gulu la atsikana likumane kukadali koŵala, abwerere kwawo pamodzi, ndipo pakhale mphunzitsi wamkazi kapena mayi wodalirika.

Mawu otsiriza

Pakati pa ana amene mudzawaphunzitse, oŵerengeka okha ndiwo adzavale jezi ya Silver Strikers kapena ya Flames pa Bingu National Stadium. Onse adzafuna miyendo yabwino ndi satifiketi. Tsiku lotsegulira sukulu tengani kope lija, itanani maina, funsani aliyense kumene kukuŵaŵa, ndipo pokhapo muimbe wenzulo.

Mafunso okambirana

1. Lembani ntchito zimene ana a sukulu ya kwanu amagwira mu Ogasiti ndi Sepitembala. Ndi ziti zimene zimatopetsa miyendo?

2. Bwalo lina ndi lotalika mamita 90 ndi lotambalala mamita 50. Mwana walizungulira kasanu ndi kanayi m'mphindi 12. Wathamanga mamita angati?

3. Kaputeni wa timu yanu, wa mu Folomu 4, wakuuzani kuti timu ya m'mudzi yamlonjeza ndalama za mayeso akaiseŵerera pa bonanza, koma bondo likumuŵaŵa. Mungamulangize zotani, ndipo mungakambirane ndi yani?